Mchewere wanga unapserera mu Febuluwale, chaka chino nditani kuti madzi akhale m'munda?

Lolemba m'mawa

Naphiri wa ku Ngabu:
Mwadzuka bwanji akuluakulu nonse pagulu pano. Ine ndabwera ndi dandaulo, mundigawireko nzeru. Munda wanga ndi maekala awiri, uli kumtunda, kutali ndi dambo, ndiye zothirira musazitchule n'komwe, timangoyang'ana kumwamba basi. Chaka chathachi ndinasiya chimanga n'kubzala mchewere, mumtima ndikuti ng'amba ndaizemba. Unamera bwino, unatulutsa ana ambiri, aliyense wodutsa ankayamikira. Kenaka chakumapeto kwa Januwale mvula inangoti zii, masabata atatu ndi masiku pamwamba osagwa ngakhale dontho, ndipo ndi nthawi yomwe ngala zinkatuluka. Zinatuluka ndithu, koma ukafikisa ngala m'manja umangotsala ndi mankhusu. Maekala awiri ndinapeza matumba atatu.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mu Disembala mvula yamphamvu inagwa kawiri. Ndinausa pansi pa mtengo wa m'malire, n'kumaona ndi maso angawa madzi akuthamanga m'munda mwanga kukagwera m'ngalande ya msewu, atasenza ndi dothi langa lomwe. Madzi omwe aja ndi amene ndinkawalirira mu Febuluwale. Pano tili mu Sepitembala, ndichite chiyani mvula isanabwere?

Kabaza wa pa Nchalo:
Mayi musadzipweteke mutu. Chaka chathachi chinali cha El Nino, palibe amene anapulumuka. Si paja a Chakwera, ali pulezidenti, analengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi? Chaka chino ivumba bwino, muona.

Naphiri wa ku Ngabu:
Achimwene, mawu omwewo tinatonthozana nawo 2016. Ine ndatopa nako kulima kwa "muona".

Mlangizi Wopuma:
Mayi Naphiri, ndifunseko kaye ndisanayankhe, poti dokotala salemba mankhwala asanaone wodwala. Dothi lanu ndi lotani, makande kapena mchenga? Munda ndi wotsetsereka kwambiri kapena pang'ono? Mumapanga mizere kapena mumabzala pathyathyathya monga achitira ambiri kwathu kuno? Nanga mapesi a chaka chathachi ali kuti?

Naphiri wa ku Ngabu:
Zikomo bambo. Chakumtunda ndi dothi la mchenga losakanikirana, mvula ikagwa n'kuwala dzuwa pamwamba pamauma gwa. Chakumunsi, mwina theka la ekala, ndi makande enieni, pano ang'ambika ming'alu yoti phazi la mwana kulowa. Kutsetsereka ndi kwapang'ono koma madzi amayenda. Mizere sindipanga, mayi anga sankapanganso. Mapesi ng'ombe za anthu zinadya, otsala anyamata osaka mbewa anayatsa mu Julayi. Munda uli mbee ngati bwalo la mpira.

Mwana wa ku Joni:
Anti, ine ndili nayo yankho, dikirani ndiponye vidiyo. Ku Burkina Faso kunali mdala wina dzina lake Yacouba Sawadogo, anamwalira 2023. Kwawo ku Yatenga nthaka inali itafa, anthu akuthawa. Iye anatenga njira yamakolo awo yotchedwa zai, kukumba timayenje nthawi ya chilimwe, kuthiramo manyowa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, mvula ikagwa madzi amakodwa m'menemo ndipo amabzala mapira ndi mchewere momwemo. Mpaka anapanga nkhalango pamalo pouma, 2018 anamupatsa mphoto ya Right Livelihood. Ine ndawauza kale amayi kumudzi kuti chaka chino munda wonse mayenje okhaokha, ndalama ya aganyu ndituma.

Nabanda wa ku Bangula:
Mwana wa ku Joni, amayi akowo munda wawo ndi wa dothi lanji? Funsa kaye usanatume ndalamazo. Ine za mayenje ndinazimva kukoma chimodzimodzi, 2021 ndinakumba munda wonse, makande okhaokha. Msana unathyoka, manja anachita matuza. Mchewere unamera mokongola. Ndiye Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana uja. Kwathu madzi osefukira sanafike, koma dzenje lililonse linasanduka beseni, madzi ndendende masiku anayi osaphwa. Mbewu inachita chikasu, ukazula mizu ikununkha. Anzanga oyandikana nawo amene sanavutike n'kukumba anakololako, ine ndinatuluka chimanjamanja. Mchewere umapirira ludzu koma kumira sufuna ngakhale pang'ono.

Mwana wa ku Joni:
Eeh. Zimenezo mu vidiyo sananene.

Nabanda wa ku Bangula:
Vidiyo siinalimepo makande mwanawe.

Mlangizi Wopuma:
Mayi Nabanda anena zoona, ndipo mnyamata wa ku Joni sananamenso. Mayi Naphiri, inu muli ndi minda iwiri pamalo amodzi, ndipo uliwonse uli ndi nthenda yake.

Tiyambe kumtunda. Dothi ngati lanulo likakhala pamtetete, madontho a mvula amaliphwanya, tinthu tosalala timatseka timabowo tonse, likauma limachita nkhoko ngati ya mumphika wa nsima. Mvula yotsatira ikabwera imangotsetsereka pa nkhokopo. Ndi zomwe munaona mu Disembala zija. Vuto lachiwiri lili pansi. Khasu lathuli limalekeza pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, pansi pake pamatsala dothi logogomezeka. Tengani khasu mawa mukumbe kadzenje, mukafika chikhatho chimodzi ndi theka mumva likulira mosiyana. Mizu ya mchewere ikapeza njira imatsika kupitirira mita, n'chifukwa chake umapirira, koma ikagunda pamenepo imakhota n'kumayenda cham'mbali, ndiye ng'amba ya masabata atatu imaupeza ngati chimanga wamba. Kumtundako mayenje ndi oyenera, bola akuye mpaka kuboola pogogomezekapo. Dothi lomwe mwafukula muliunjike chakumunsi kwa dzenje kuti likhale ngati katchinga, ndipo mayenje a mzere wachiwiri alunjike pamipata ya mzere woyamba, madzi akaphonya dzenje ili akagwere linalo.

Kumakande musakumbe dzenje ngakhale limodzi. Makande mvula yoyamba amamwa okha kudzera m'ming'alu ija, koma akakhuta amafufuma n'kutseka, madzi salowanso. Kumeneko pangani mizere yopingasa, mbewu ikhale pamwamba pa mzere, ndipo m'makwawa mwake muike ngonyeka, ena amati mabokosi, pa mapazi awiri kapena atatu akuluakulu alionse. Ngonyeka ikhale yofupikirapo kusiyana ndi mzere, kuti madzi akachuluka adumphe ngonyekayo m'malo mothyola mzere. Ubwino wake ndi wakuti mvula ikanyanya mumangopita ndi khasu n'kugumula zingapo, madzi n'kutuluka. Dzenje simungaligumule.

Koma zonsezi zisanachitike, akalozera, mizere ikuluikulu yoyezedwa bwino yomwe mizere ina yonse imatsatira. Mizere yopingasa yongoyeza ndi maso imasonkhanitsa madzi pamalo amodzi, tsiku lina imaphulika n'kukusiyirani chigwembe choposa chomwe munali nacho. Pitani kwa alangizi a dera lanu akubwerekeni chingwe cha levulo, akapanda kukhala nacho mangani mitengo itatu ngati chilembo cha A, pakati mulendeweretse chingwe ndi kamwala. Ndi ntchito ya tsiku limodzi anthu atatu. Pa akalozerapo mudzabzale udzu wa vetiva mvula ikakhazikika.

Naphiri wa ku Ngabu:
Bambo Mulungu akudalitseni. Ndawerenga kawiri. Koma mayenjewo angafunike angati pa ekala ndi theka? Ndili ndekha ndi ana awiri a sukulu.

Tembo wa ku Petauke:
Amayi, niyankheko ine pakuti kuno ku Zambia takumba zimenezi zaka zambiri, a Conservation Farming Unit ndiwo anatiphunzitsa. Ife timakumba kadzenje kotalika ngati phazi la munthu wamkulu, m'lifupi ngati khasu, kuya kupitirira chikhatho. Mizere kutalikirana masentimita 90, mayenje 70. Pa ekala imodzi amakwana kupitirira 6,000. Manje nikuuzeni chilungamo, mu Sepitembala dothi ndi mwala. Ngakhale ndi khasu lolemera lija timati chaka, mukakumba 100 patsiku ndinu ngwazi. Muwerenge nokha masiku. Ife timayamba tikangokolola, Meyi kapena Juni, dothi likali lofewa. Mwachedwa kale, koma osataya mtima. Chaka chino tengani kota ya ekala, mukumbe bwinobwino, chaka chamawa mudzabwerera m'mayenje omwewo ndipo sadzalimbanso. Kwinako ikani mizere ndi mabokosi monga anenera a Mlangizi.

Mlamu wa ku Bulawayo:
A Tembo akunena zoona pa za msana. Kuno ku Zimbabwe boma linabweretsa Pfumvudza 2020, mayenje omwewa ndi kuphimbira, anthu ena mpaka anaupatsa dzina lachipongwe lotanthauza kuti kumba ufe. Amene anapirira pa kamunda kakang'ono anapindula, amene anafuna munda wonse chaka chimodzi anasiyira panjira. Kunalinso mkulu wina ku Zvishavane, Zephaniah Phiri Maseko, anamwalira 2015. Iyeyo ankakumba maenje akuluakulu m'ngalande za m'munda mwake kuti madzi ochoka kuphiri aime alowe pansi, ndipo pakhomo pake pankakhala pobiriwira anzake atauma. Anthu ankachoka kutali kukaona. Mayi Naphiri, madzi amene amalowa m'munda mwanu kuchokera kumtunda kwa aneba muwaganizirenso, osangoti a m'munda mwanu okha.

Wophunzira ku Bunda:
Ndiwonjezereko masamu pang'ono makolo anga, kuti tione kukula kwa zomwe mayi akutaya. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi ya madzi. Ekala ndi malo otere okwana 4,047. Ndiye mvula ya mamilimita 20, yomwe ndi yapakatikati chabe, pa ekala imodzi ndi malita oposa 80,000. Zigubu za malita 20 zija zoposa 4,000. Theka lokha likathawira ku msewu mwataya zigubu 2,000 pa ola limodzi. Tangoganizani kutunga zimenezo pa mjigo.

Kabaza wa pa Nchalo:
Zigubu 2,000 pa kabaza wanga ndi ndalama ya njinga yamoto imeneyo.

Wophunzira ku Bunda:
Ndipo kulowetsa madzi pansi ndi theka chabe la ntchito. Kwanu ku Chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40, dothi la pamtetete limauma msanga pamene mbewu ikadali yaing'ono yosaphimba nthaka. N'chifukwa chake kuphimbira kuli kofunika. Mapesi amalandira madontho dothi lisanamenyedwe, nkhoko ija siichitika, ndipo dzuwa silifika pansi.

Naphiri wa ku Ngabu:
Mwana wanga, kuphimbira ndi chiyani poti ndanena kale kuti mapesi anapsa? Komanso kuno chiswe ndi chosayamba. Aneba anga anaphimbira chimanga chaka china, chiswe chinabwera ngati chaitanidwa pa ukwati.

Lolemba madzulo

Mlangizi Wopuma:
Za chiswe timakangana nazo chaka chilichonse. Zomwe ndaona ine pa zaka zanga zonse za ntchito n'zakuti chiswe chimakonda chouma. Chikapeza mapesi pansi chimatanganidwa nawo. Munda ukakhala mbee ndiye chouma chomwe chilipo ndi mbewu yanu yomwe yafooka ndi dzuwa, chimayamba imeneyo. Ndipo mdala wa ku Burkina uja ankachita kuchiitana dala ndi manyowa, chifukwa tinjira tomwe chimaboola pansi ndi momwe madzi amalowera. Chokhacho, zophimbira zisagunde tsinde la mbewu, musiye kampata.

Nabanda wa ku Bangula:
Apa pokha bambo sindikuvomerezani. Chiswe cha kwathu chimadya mapesi n'kutsukuluza m'kamwa ndi mbewu.

Mlangizi Wopuma:
Munda uli pafupi ndi chulu, mayi?

Nabanda wa ku Bangula:
Zulu ziwiri.

Mlangizi Wopuma:
Ndiye mlandu wanu ndi wapadera, tidzaukamba tsiku lina.

Mayi Busa:
Abale nkhani ya chiswe ndi yaing'ono. Tinene chomwe chimatilepheretsa kuphimbira kuno ku Chigwa: ziweto. Ukangokolola, eni ng'ombe amatsegula makola ngati minda yonse ndi yawo. Ine chaka chatha ndinayala mapesi bwinobwino mu Meyi, pofika Ogasiti kunalibe ngakhale phesi limodzi, kunangotsala mapazi a ng'ombe ndi dothi lopondedwa ngati msewu. Ukadandaula amati kuyambira kale zimakhala choncho. Ndiye alangizi akamatiuza kuti phimbirani, aziwauzanso eni ng'ombewo.

Amalume a Ng'ombe:
Mayi Busa, ndi ulemu wonse, ng'ombe zikadye kuti mu Okutobala? Malo odyetsera aja onse analimidwa, kwina ndi mizimbe. Ndipo ng'ombe zomwezo ndi zomwe mumabwereka ngolo pokolola, maliro akagwa ndi zomwe zimatuta nkhuni. Makolo anaika kuti mukakolola munda ndi wa aliyense, sanali opusa.

Mayi Busa:
Nthawi ya makolo mvula inkadula masabata atatu chaka ndi chaka? Ndipo ngolo timalipira amalume, simutipatsa ulere.

Amalume a Ng'ombe:
Nanga ndowe zomwe zimasiya m'munda mwanumo mumandilipira?

Mayi Busa:
Ndowe zitatu pa mapesi a ekala yonse! Inu ndiye wamalonda.

Admin:
Tiyeni tizilemekezana makolo. Komanso amene mwaponya za malonda a mafoni ndachotsa, gulu lino ndi la ulimi.

Tembo wa ku Petauke:
Nkhondo imeneyi ili konse, kuno nakonso. Midzi ina amfumu anaika lamulo la chindapusa pa ng'ombe yolowa m'munda wophimbira ndi pa wotentha tchire, ndipo pomwe amfumu ali olimba zimayenda. Pomwe amfumuwo ndiwo ali ndi khola lalikulu, iwalani.

Mlangizi Wopuma:
Pali njira yapakati yomwe ndinaiona ikugwira. Mukakolola, mapesi musawasiye pansi. Amangeni mitolo muwakweze pa nsanja kapena pa mphanda za mtengo pakhomo, pomwe mbuzi ndi moto sizifika. Mudzawabweze kumunda mukabzala, nthawi yomwe ziweto zayamba kuwetedwa. Inde ndi ntchito kawiri, ndipo chilimwe chonse dothi likhala pa dzuwa, koma nthawi yomwe chinyontho chimafunikadi kutetezedwa zophimbira zimakhalapo. Ndipo a Amalume, m'malo mokangana, bwanji osasinthana? Mayi akupatseni gawo la mapesi mudyetsere m'khola, inu muwapatse ngolo ya manyowa a m'khola owolerana. Manyowa m'dzenje amagwira madzi ngati chinkhupule, mchenga wopanda manyowa uli ngati sefa.

Amalume a Ng'ombe:
Zimenezo ndiye zokambirana. Manyowa ali mulu kuseri kwa khola kwanga, zaka zitatu palibe anawapempha. Mayi Naphiri ngati muli chakufupi ndi Ngabu ndilembereni kumbali.

Naphiri wa ku Ngabu:
Ndikulemberani amalume, koma mapesi mudzalandira chaka chamawa, chaka chino munadya kale.

Lachiwiri

Mdzukulu wa Agogo a ku Tengani:
Moni nonse. Dzulo usiku ndinawawerengera agogo anga aamuna zonse zomwe mwalemba, ali ndi zaka zopitirira 80 ndipo mchewere alima moyo wawo wonse. Andituma ndilembe izi, ndikulemba momwe akunenera.

Akuti ana inu mukufuna zophimbira zakufa pomwe zamoyo zilipo. Kale m'munda wa mchewere simunkakhala mchewere wokha. Ankaponyamo khobwe, mavwende, nkhaka ndi maungu apo ndi apo, zimenezi zikayanga dothi silionanso dzuwa, ndipo ng'ombe sizingadye mu Ogasiti chinthu chomwe chimamera mu Disembala. Akuti koma osachulutsa, nazonso zimamwa.

Akuti chachiwiri, anthu a masiku ano mumaumira mbewu pozulira. Mchewere njere zake ndi zazing'ono, potsina umaponya zambiri, zimamera ngati tsitsi. Ukazisiya zonse zimalimbirana madzi ndipo zonse zimafa limodzi. Pakatha masabata awiri kapena atatu, tsiku lomwe kwagwa mvula, patulirani musiye ziwiri kapena zitatu paphando, zozulazo muwokere pomwe sipanamere. Akuti munda wooneka wopanda anthu mu Disembala ndi umene umadzaza nkhokwe, chifukwa mchewere umabereka ana wokha.

Chachitatu akuti kupalira. Udzu ndi mbala ya madzi, ukaulekerera sabata imodzi wamwa mvula yonse. Ndipo ngakhale udzu palibe, mvula ikagwa n'kuyamba kuuma pamwamba iwo ankadutsamo ndi khasu mopepuka, kungokanda, kuti nkhoko ija isweke. Osalowetsa khasu kwambiri, mungadule mizu.

Pomaliza akufunsa kuti mtengo womwe mayi anausapo mvula uja ndi mtengo wanji? Akuti ngati ndi msangu asaudule, ndipo timisangu tomera tokha m'munda atisiye. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye suphimba mbewu, ndipo pansi pake mchewere umakhala wobiriwira kuposa pena paliponse.

Naphiri wa ku Ngabu:
Uwathokoze agogo, uwauze kuti ndagwada. Mtengowo ndi msangu ndithu, ndipo ndikakumbukira bwino matumba atatu aja ambiri anachokera chapamenepo. Za kupatulira andigwira pakhosi. Ine ndinkaona ngati kuzula ndi kutaya chakudya, phando lina ndinkasiya mpaka zisanu ndi ziwiri.

Wophunzira ku Bunda:
Agogo atiphunzitsa semesita yonse mu meseji imodzi. Pa khobwe ndiwonjezere kuti amathandizanso pa kaufiti ndi chonde. Ndingopempha kuti kumchenga kuja khobweyo abzalidwe patapita masabata awiri mchewere utamera, kuti asaupitirire.

Mwana wa ku Joni:
Nanga feteleza? Ndimafuna nditumize ya matumba awiri a urea.

Mlangizi Wopuma:
Mwana wanga, urea pa dothi louma ndi moto. Ukathira wambiri mbewu imakula masamba ambiri, masamba ambiri amamwa madzi ambiri, ng'amba ikabwera yoyamba kugwa ndi yonenepayo. Ku Niger akatswiri a ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu za m'madera ouma, anayesa kuthira pang'ono kwambiri paphando lililonse, kachitsekerero ka botolo kapena kuchepera, ndipo mchewere unasintha ndithu chifukwa mizu imakula msanga n'kutsika kukafuna madzi. Ndiye thumba limodzi la wokulitsa woyamba lingawakwanire amayi ako kutali. Ndalama ya thumba linalo ulipire ngolo za manyowa ndi aganyu a akalozera. Wobereketsa athire pokhapokha pansi pali ponyowa.

Nabanda wa ku Bangula:
Ndipo mbewu yake muisankhe. Wamakolo wautali uja ndi wokoma nsima ndi thobwa, koma umachedwa, ng'amba ya Febuluwale imaupeza ukungoyamba kutulutsa ngala. Mchewere wa mtundu wa Nyankhombo umacha msanga, miyezi itatu isanakwane bwino mwayamba kudula. Ine ndimabzala yonse iwiri, wina akalephera wina amandigwira dzanja.

Mayi Busa:
Koma wocha msangayo ukabzala wekha m'dera lonse, mbalame zonse za m'boma la Nsanje zimachitira msonkhano m'munda mwako. Ine ana anajomba sukulu sabata ziwiri akuingitsa. Muzipangana ndi aneba mubzale tsiku limodzi, zigawikane.

Kabaza wa pa Nchalo:
Ine mwanditembenuza pang'ono. Funso limodzi: kubzala pouma mvula isanagwe, kapena kudikira?

Mlangizi Wopuma:
Onse awiri ali ndi ngozi yake. Pouma umapindula ndi dontho loyamba lomwe, koma kukagwa kamvula konyenga ngati chizimalupsa mbewu imamera n'kupserera, wataya. Mbewu ya mchewere paekala ndi yochepa, ndiye ambiri amalolera kubwereza. Ine ndimati m'mayenje dikirani mvula yoti dzenje lidzaze n'kuphwa, mupise dzanja, chinyontho chikafika pa mkono bzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake, osadikira Lolemba. Ndipo osakwirira kwambiri, kachala kamodzi kokha. M'dzenje muyambe mwabwezeramo dothi losakaniza ndi manyowa mpaka kutsala pang'ono kudzaza, mbewu isakhale pansi penipeni pomwe matope angaikwirire.

Naphiri wa ku Ngabu:
Chabwino. Ndamva zambiri, mutu wadzaza. Ndichita motere: akalozera sabata ino, mwana wa achimwene anga andithandiza. Mayenje kota ya ekala kumtunda kwenikweni komwe madzi amayambira. Kotsalako mizere ndi ngonyeka, kumakande komwe. Zophimbira ndikamweta udzu wa m'mbali mwa ngalande womwe sunapse, ukwana pamayenje pokha. Ndidzakuuzani.

Loweruka, kumapeto kwa Novembala

Naphiri wa ku Ngabu:
Akuluakulu ndabweranso, ndaponya zithunzi zitatu. Mayenje ndinakwanitsa 1,100 basi, osafika kota, tinkayamba 4 koloko m'mawa kuweruka 8 dzuwa lisanakwiye. Manyowa a amalume anabwera ngolo ziwiri. Lachinayi usiku yagwa yamphamvu, mwina ola ndi theka. M'mawa ndinathamangira kumunda ndisanasambe n'komwe. Chithunzi choyambacho ndi ngonyeka, bokosi lililonse madzi ali phee ngati mbale zoyalidwa pa chikondwerero, ku ngalande ya msewu kwangopita pang'ono. Chachiwiri ndi pomwe zalakwika: pakona ya kumpoto kalozera tinamuyeza molakwa, madzi anasonkhana n'kudula mizere inayi. Chachitatu ndi dzanja langa. Lero masana, patatha tsiku ndi theka la dzuwa, ndapisa m'dzenje lophimbira, chinyontho mpaka pa mkono ndipo dothi ndi lozizira. Pa kamalo komwe ndinasiya osakhudza dala, mapazi asanu okha kuchoka pamenepo, ndakanda ndi chala ndapeza fumbi pansi pa nkhoko. Ndabzala dzulo ndi lero.

Mlangizi Wopuma:
Mwagwira ntchito mayi. Pakona pamenepo musangotseka, muyezenso ndi chingwe, apo ayi mvula yotsatira idzadula pomwepo. Kumakande madzi anaphwa pofika liti?

Naphiri wa ku Ngabu:
Dzulo chakumadzulo anali ataphwa, kupatula mabokosi asanu a kumunsi kwenikweni.

Mlangizi Wopuma:
Asanuwo gumulani ngonyeka zake lero lomwe.

Nabanda wa ku Bangula:
Gumulanidi msanga achemwali, musadzalire ngati ine.

Mwana wa ku Joni:
Anti zithunzizo ndawatumizira amayi. Munda wawo tinapeza kuti ndi makande, ndiye tinapanga mabokosi. Akuti ndikufunseni, chingwe cha levulo chija mukadali nacho?

Naphiri wa ku Ngabu:
Ndinabweza, koma cha mitengo itatu chija chili pakhonde, atume mwana adzatenge Lolemba ndikatha kukonza pakonapo. Amalume a Ng'ombe, mbuzi ziwiri zoyera za mabanga akuda zomwe ndazipeza m'mawa zikukoka udzu pamayenje anga si zanu?

Amalume a Ng'ombe:
Ine ndimaweta ng'ombe zokha mayi. Koma ndikudziwa eni ake, ndikawauza madzulo ano.